Lole ya crane yochokera ku Japan pa ntchito yodula mitengo: iguleni, koma mkono wake musaukhudze

Funso: Ndimadula ndi kusadza mitengo m'makomo mwa anthu ndi m'masukulu mu Blantyre, makamaka bulugamu wamkulu amene wayandikira nyumba. Ndili ndi ma chainsaw awiri ndi anyamata anayi, koma zipika zimatilemera ndipo ndalama zambiri zimathera kubwereka lole. Ndaona pa intaneti lole ya matani anayi yochokera ku Japan, yokhala ndi crane ya Unic yolembedwa 2.93 t. Ndikufuna ndiigule, owotcherera anditalikitsire mkono wake ndi mamita awiri, andiikirenso dengu lachitsulo lokwezera munthu wodula nthambi. Ndiyang'ane chiyani pogula, nanga zosinthazi zili bwino?

Yankho: Achimwene, loleyo iguleni ngati ili yabwino, chifukwa pa ntchito yanu ndi chida chimene chingakupumitseni msana n'kubwezanso ndalama zake. Koma mkono musautalikitse, ndipo dengu lokwezera munthu musaliike. Ndanena mosapsatira chifukwa apa pali moyo wa anyamata anu anayiwo. Zifukwa zake zagona pa nambala imene yakukopaniyo, 2.93, ndiye tiyambire pomwepo.

Ma crane ang'onoang'ono okhala kumbuyo kwa mutu wa lole, kaya ndi a Unic kaya a Tadano, ambiri amalembedwa matani 2.93. Sizinangochitika. Ku Japan crane yonyamula matani atatu kapena kuposa imagwa m'malamulo okhwima, ofuna kuti iziyezedwa ndi kukhala ndi chiphaso chake, choncho opanga amaimira pansi pang'ono pa malirewo. Ndipo nambalayo ikunena za katundu amene ali pafupi kwenikweni, pakati pa mamita 1.5 ndi 3 kuchokera pa tsinde la crane malinga ndi mtundu wake, mkono uli wofupikitsa ndi wodzutsa m'mwamba, miyendo yonse yachitsulo yochirikiza lole m'mbali itatulutsidwa mpaka kumapeto. Ndowa yodzaza madzi mumainyamula bwinobwino mkono uli pathupi, koma mukautambasula phewa limakana, chonsecho madzi ndi omwewo. Crane nayo mphamvu yake ndi kulemera kwa katundu kuchulukitsa ndi mtunda umene ali. Imene ikunyamula matani 2.93 pa mamita 2.6, mukaitambasula kufika mamita 9 kapena 10 siifika n'komwe theka la tani, chifukwa mkono weniweniwo nawonso ukulemera ndipo lole yopanda katundu ndi yopepuka. Kutsogolo kwa lole, kudutsa pamwamba pa mutu, n'koipa koposa: opanga a ku Japan amalola gawo limodzi lokha mwa magawo anayi a katundu wololedwa kumbali ndi kumbuyo. Zonsezi zalembedwa pa kachikwangwani kamene kamakhala pafupi ndi zogwirira. Mawu ake ndi a Chijapanizi koma manambala ake mungawerenge: mzere wina ndi mtunda, wina ndi matani.

Tsopano tibwere ku mtengo. Ambiri amayesa chipika ndi maso, ndipo maso athu anazolowera matabwa ouma a kumsika. Bulugamu wongogwetsa kumene ndi wodzaza madzi, moti cubic metre imodzi imalemera tani imodzi, mwinanso kuposa. Kawerengedwe kake n'kosavuta ndipo ndikufuna inu ndi kapitawo wanu mukadziwe pamtima. Yezani chipika modutsa pakati, m'mamita, muchulukitse nambalayo ndi iyo yomwe, kenaka ndi kutalika kwa chipikacho, kenaka ndi 0.8. Chimene chatuluka ndi matani, moyerekeza. Chipika cha masentimita 60 modutsa, chotalika mamita awiri, chikuyandikira makilogalamu 600. Cha masentimita 80 ndi tani yathunthu. Thunthu la mita imodzi modutsa, lotalika mamita atatu, ndi matani 2.4, ndipo bulugamu wotere pa masukulu akale a mishoni ndi m'ma estate a ku Thyolo ndi ku Mulanje si wosowa. Ndiye kuti chipika wamba cha masentimita 60 chapitirira kale mphamvu ya crane yanu ikakhala yotambasula yonse.

Mukaganizira zimenezi, mamita awiri owonjezera aja akukupatsani chiyani? Chitsulo chowonjezeracho chili ndi kulemera kwake, ndipo chakhala kumapeto kwenikweni kumene kilogalamu iliyonse imapweteka kwambiri. Pa makilogalamu ochepa amene anatsala, icho chidyapo gawo lalikulu, kenaka mtunda wawonjezeka, ndipo kachikwangwani kaja kasanduka kabodza: palibenso amene akudziwa malire a crane yanu, ngakhale inu mwini wake. Palinso nkhani ya chitsulocho. Owotcherera athu ndi aluso, mageti, ngolo ndi mabodi a malole amapanga olimba ndithu. Koma mkono wa crane unapangidwa ndi chitsulo chopyapyala cholimbitsidwa mwapadera kuti ukhale wopepuka. Moto wa welding umachifewetsa m'mbali mwa mzere wowotchawo, mng'alu umayambira pamenepo pansi pa penti, ndipo tsiku lothyoka suchenjeza. Ngati mukufuna kufika patali, gulani crane imene inabadwa yaitali. Nambala yomaliza pa dzina lake imanena zigawo za mkono: Unic 343 ili ndi zitatu, 344 zinayi, 345 zisanu, ndipo Tadano 303 ndi 304 ndi chimodzimodzi. Pa ntchito yanu ya zigawo zinayi ndi yokwanira.

Pali chinthu china chimene simunafunse koma ndikudziwa kuti chidzakufikani m'maganizo tsiku loyamba lomwe mudzaimike lole pafupi ndi mtengo wopendamira padenga. Mudzafuna kumangirira nthambi yaikulu ku mbedza ikadali pamtengo, mnyamata adule, crane iinyamule. Kumaiko akunja amachitadi zimenezi, koma ndi ma crane a matani makumi angapo, ndipo satenga chidutswa choyandikira malire a crane. Kusiyana kwake n'kwakuti chipika chimene chili pansi chikalemera mumaona mwendo wa mbali inayo ukupepuka, n'kuchibwezera pansi. Nthambi ya m'mwamba ikangoduka yaduka, simungaibwezere pamtengo. Imagwera pa mbedza modzidzimutsa, imatembenuka, imagwedezeka, ndipo kukoka kwake pa kamphindi kameneko kumatha kuwirikiza kulemera kwake kawiri kapena kuposa. Lole ya matani anayi imagudubuzika pa zotere. Musaigwiritsenso ntchito kukoka mtengo chammbali kuti ugwere kumene mukufuna, kapena kuzula chitsa. Mkono unapangidwa kuti uzinyamula chinthu chimene chalendewera molunjika pansi pake, basi. Zokoka ndi za Tirfor, yokokera pamanja ija, imene ilipo ya makilogalamu 800, 1,600 ndi 3,200, kapena za thirakitala yokhala ndi chingwe chachitali. Ntchito ya crane yanu ndi kutola zimene zagwa kale n'kuzikweza mulole, ndipo imeneyo yokha ndi ntchito yaikulu.

Za dengu ndifupikitsa. Makina okwezera anthu, monga a Aichi ndi Tadano amene amabweranso kuchokera ku Japan, ali ndi zinthu zimene crane ya katundu ilibe: dengu limadziwongola lokha mkono ukamakwera, munthu amaliyendetsa ali momwemo, makina amakana kukwera miyendo isanaponde pansi, ndipo pali pampu yapadera yomutsitsira injini ikazima. Dengu lowotcherera kunsonga kwa Unic limapendama pamodzi ndi mkono, ndipo lolendewera pa mbedza limazungulira, munthu ali ndi chainsaw yolira m'manja. Woyendetsa ali pansi, masamba amutchinga, phokoso likumulepheretsa kumva. Ndalama imene munakonzera denguyo mugulire malamba enieni okwerera mitengo, zingwe zake, zipewa ndi mathalauza oteteza ku chainsaw, ndipo anyamata awiri aphunzire kukwera ndi kutsitsa nthambi ndi chingwe pang'onopang'ono. Pa mtengo wovuta kwenikweni, bwerekani galimoto ya dengu ya tsiku limodzi n'kuika ndalamayo pa mtengo wa ntchito.

Pogula, penti musaiwerengere. Yambani ndi pansi pa lole, makamaka chasisi pamalo amene pakhala crane, kumbuyo kwa mutu, chifukwa ndi pamene pamathera mphamvu yonse ya kunyamula. Funani ming'alu pafupi ndi mabawuti, zigamba zowotcherera, ndi dzimbiri lofufuma ngati makungwa pakati pa chasisi ndi felemu yapamwamba. Malole ochokera kumadera ozizira a kumpoto kwa Japan, monga Hokkaido, amayenda m'misewu yothiridwa mchere wosungunulira chipale, ndipo amadyeka kunsi pamene kumwamba akuwala. Chasisi yopakidwa kumene penti yakuda yonenepa muikayikire.

Kenaka crane iyesedwe ili ndi katundu, oilo atatentha. Kuyesa kumene ndimakukhulupirira kwambiri n'kosafuna chida chilichonse: nyamulani chinthu cha makilogalamu mazana angapo, chichoke pansi pang'ono chabe, zimitsani injini, lembani chizindikiro pa ndodo zonyezimira za masilinda, kuphatikizapo za miyendo, mudikire mphindi 15. Katundu akamatsika yekha kapena mwendo ukamabwerera, ndiye kuti ma seal a mkati, timphira totchinga oilo, kapena valavu yogwira katundu yatha. Ndodo zonyezimirazo muzisisite ndi chala makina atazima. Ma seal ndi otchipa, koma ndodo yokandika kapena ya timaenje ta dzimbiri imang'amba atsopano pa milungu yochepa, ndipo kuikonza ndi ndalama zambiri. Tulutsani zigawo zonse za mkono, muimire kumbuyo kwake n'kuuyang'ana m'litali: ukhale wowongoka, wopanda pophwanyika kapena potupa kunsi kwake. Mkono wopindika kapena wowotchereredwa ndi chifukwa chokwanira chosiyira loleyo, ngakhale atatsitsa mtengo chotani. Zungulitsani crane n'kuimitsa mwadzidzidzi pang'ono, wina akuyang'ana pa tsinde. Likamagwedera kapena kugogoda, bearing yaikulu yozungulirapo yatha, ndipo chimenecho ndi chimodzi mwa zipangizo zodula kwambiri pa crane yonse. Mverani PTO, kachida kamene kamatenga mphamvu ku gearbox kupereka ku pampu, ngati ikulowa bwino osakukuta. Pampu yolira mokuwa ikumeza mpweya kapena yatopa. Oilo wa hydraulic wooneka ngati mkaka muli madzi. Kunsonga kwa mkono kumayenera kulendewera kachitsulo kozungulira chingwe, kamene kamaliza belu mbedza ikayandikira kugunda pamwamba. Ambiri amakachotsa chifukwa cha phokoso. Kabwezeretseni.

Ngati mukugula lole ikadali ku Japan, zonsezi simungazichite ndi manja anu, choncho pemphani vidiyo ya crane ikugwira ntchito zigawo zonse zitatuluka, zithunzi za kunsi kwa chasisi, chithunzi cha kachitsulo ka dzina ndi nambala ya crane, ndi export certificate, chikalata chotulutsira galimoto m'dziko la Japan. Wogulitsa wokana kutumiza zimenezi musamukakamire, malole ndi ambiri. Ine ndimakonda kuti munthu wogula koyamba awonjezere ndalama pang'ono n'kugula imene yafika kale m'dziko muno, yoti aikhudze ndi kuiyesa ali ndi makaniko wake. Ngati mwasankhabe kuitanitsa, kaya idzera ku Dar es Salaam, ku Beira kapena ku Durban, funsani ku MRA msonkho wake musanalipire kanthu, potengera chaka cha loleyo ndi kulemera kwake.

Pa export certificate yomweyo muone katundu wololedwa. Malole amene timawatchula a matani anayi, monga Isuzu Forward, Fuso Fighter ndi Hino Ranger, ambiri anapangidwa kuti kulemera kwawo konse, katundu ali momwemo, kusafike matani 8. Crane yokha imadya pafupifupi tani imodzi, choncho chotsala chimakhala matani 2.5 mpaka 3. Zipika zitatu za masentimita 80 zija, lole yadzaza, ngakhale bodi ikuoneka yopanda kanthu. Muwerengere maulendo anu ndi mitengo ya ntchito pa nambala imeneyi.

Injini ndikanakonda mutapeza yakale yosadalira kompyuta, monga 6HH1 ya Isuzu, 6D16 kapena 6D17 ya Fuso, ngakhalenso J08C ya Hino, chifukwa amakaniko a ku Ndirande ndi ku Limbe amazidziwa ndipo zipangizo zake zimapezeka. Malole atsopanoko ali ndi sefa ya utsi yotchedwa DPF, ena amafunanso AdBlue, madzi apadera oyeretsera utsi. Sefayo imadziyeretsa injini ikatentha pa ulendo wautali. Ntchito yanu ndi yosiyana ndi zimenezo: makilomita ochepa m'tauni, kenaka tsiku lonse injini ikungolira pamalo amodzi kuyendetsa pampu. Sefa imatsekeka, lole imataya mphamvu, ndipo mufunika munthu wa kompyuta.

Zosintha zabwino zilipo ndithu, ndipo owotcherera anu ntchito apeza. Akuikireni chotchinga cholimba kutsogolo kwa bodi kuti chipika chisalowe m'mutu wa lole mukaponda mabuleki. Alimbitse pansi pa bodi, aike zitsulo zoimirira m'mbali zochotseka, ndi mbedza zomangirira malamba. Apange mabokosi a ma chainsaw, mafuta ndi matcheni. Chokhacho, pa chasisi yeniyeni asawotchere kapena kuboola m'milomo yake yapamwamba ndi yapansi, agwiritse ntchito mabowo amene alipo kale m'mbali.

Pa kukonza, pali yesero limodzi limene ndikufuna mulikane kuyambira lero. Crane ikakana kunyamula, makaniko wina adzakuuzani kuti angomanga pang'ono relief valve kuti mphamvu ikwere. Valavu imeneyo inaikidwa pa mlingo wa mabar pafupifupi 200 (bar ndi muyezo wa mphamvu imene oilo akukankhira) kuti crane izikana katundu woipitirira. Ikakana, chipikacho chiduleni pawiri, kapena sendezani lole pafupi. Ngati ikukana katundu amene inkanyamula kale, vuto lili pa pampu, pa sefa kapena pa ma seal, ndipo lipezeka poyeza ndi geji. Lole ikangofika, tayani oilo yense wakale, sinthani sefa, thirani oilo wa hydraulic weniweni wa nambala 46, osati wa injini wotsala. Fumbi ndiye mdani wamkulu wa pampu ndi mavalavu, choncho paipi iliyonse yomasulidwa itsekedwe kukamwa, ndipo pothira oilo faneli ikhale yoyera. Mapaipi amapangidwa konkuno mu Blantyre ndi mu Lilongwe, koma tengani yakaleyo popita, chifukwa mitu ya mapaipi a ku Japan imaoneka yofanana ndi ina pamene kakhalidwe ka mkati n'kosiyana, ndipo yolakwika imadontha ngakhale mutamanga chotani. Paipi yotupa kapena yoonetsa waya isinthidwe isanaphulike. Pofufuza podontha musagwiritse dzanja, tengani katoni. Oilo wotuluka pa kabowo kakang'ono ndi mphamvu yotere amaboola khungu n'kulowa m'nyama. Kabala kake kamaoneka ngati kobayidwa ndi singano, koma munthu wotere apite kuchipatala chachikulu nthawi yomweyo ndipo akanene kuti ndi oilo wa hydraulic, chifukwa kuchedwa kumadulitsa chala kapena dzanja.

Chingwe cha waya, chimene pa ma crane awa chimakhala cha mamilimita 8, chitulutseni chonse mwezi ndi mwezi. Chikapindika mfundo, chikaphwatalala, chikachepa thupi, kapena tiwaya tikayamba kuthothoka tambiri pamalo amodzi, chisintheni chonse. Chingwe cha crane sachilumikiza. Musachikulungenso pa chipika n'kukoletsa mbedza pa icho chomwe, mangani ndi tcheni yonyamulira kapena lamba wolembedwa matani ake. Girisi pa mapini, pa bearing ya tsinde ndi pa zigawo za mkono asasowe, ndipo mabawuti omangira crane ku chasisi muziwayesa kawirikawiri, misewu yathu imawamasula.

Ngakhale crane itakhala yangwiro, nthaka ya m'makomo imapusitsa. Kuseri kwa nyumba zambiri kuli septic tank, dzenje la zinyalala lokwiriridwa, chimbudzi chakale, kapena mphanga za chiswe, ndipo mwendo umodzi umatha kusenza matani angapo pa kamalo kochepa ngati mbale. Funsani eni nyumba musanaimike lole, ndipo pansi pa mwendo uliwonse muziika mapulanga ochindikala a mtengo wolimba, otambalala bwino, makamaka nyengo ya mvula pamene ntchito ya mitengo yakugwa imachuluka. Miyendo yonse iwiri ituluke mpaka kumapeto, lole ikhale yowongoka.

Mawaya a ESCOM ndiwo ndimawaopa koposa zonse. Mitengo imene anthu amakuitanirani nthawi zambiri ndi yomwe yakula pafupi ndi mawaya, ndipo a 11 kV ndi 33 kV amadutsa m'malokeshoni momwe. Magetsi otere amalumpha chitsulo chisanakhudze n'komwe, choncho mkono, chingwe ndi katundu zisayandikire mamita atatu, ndipo ngati ntchito siingatheke motero pitani ku ESCOM akazimitse kaye. Woyendetsa crane yamtunduwu amaima pansi atagwira zogwirira zachitsulo, ndiye kuti magetsi akalowa mu mkono njira yawo yopita m'nthaka ndi thupi lake. Pa chifukwa chimenechi, mukapeza lole yokhala ndi remote yogwira ntchito, ndalama yowonjezerayo ndi yoyenera: woyendetsa amaima patali ndi lole, pamalo oona katundu bwino. Zikachitika kuti mkono wakhudza waya, aliyense atalikire ndipo wina asakhudze lole kufikira a ESCOM atatsimikiza kuti azimitsa.

Mapepala musawaiwale: COF (chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu) ndi inshulansi ya lole, inshulansi ina yolipira mukagwetsera mtengo pa nyumba kapena pa mpanda wa munthu, chilolezo cha khonsolo ya mzinda podula mitengo m'tauni, ndi cha ofesi ya zankhalango ponyamula zipika pamsewu, makamaka za mitengo yachilengedwe monga mbawa ndi mlombwa. Lamulo la zankhalango la 1997 linakhwimitsidwa mu 2020, ndipo galimoto yonyamula mitengo popanda chilolezo imatha kulandidwa.

Pa ndalama zimene mwakonza, patulani gawo loti likhale la oilo, masefa, mapaipi, chingwe chatsopano, matayala ndi mabatire, chifukwa lole yakale siifika yokonzeka kugwira ntchito mawa lake. Mukapeza imene yakusangalatsani, nditumizireni chithunzi cha kachikwangwani ka manambala kaja ndi cha kunsi kwa chasisi musanalipire, tidzawerengere limodzi zipika zimene inganyamule pa mamita 4, 6 ndi 8.